Mtima ukugunda mosalongosoka, mtsempha wa m'khosi nawonso wachepa

Achemwali ena a ku Matawale andilembera imelo kuti amayi awo ali ndi vuto la mtima kugunda mosalongosoka, lomwe madokotala amati atrial fibrillation, akumwa warfarin (mankhwala oletsa magazi kuundana), ndiye sikani yaonetsanso kuti mtsempha wina wa m'khosi wachepa. Akufunsa ngati awonjezere aspirin.

Funsoli landikhudza kwambiri chifukwa cha amalume anga a ku Chinamwali. Iwowo zinayamba ndi diso lamanzere, linachita mdima kwa mphindi zochepa kenako n'kuyambanso kuona, tsiku lina kapu ya tiyi inangopulumuka m'dzanja lamanja, mawu osamveka bwino, patapita kanthawi ali bwinobwino akuseka. Sitiroko yeniyeni itabwera anthu anayamba zoti awamenya ndi hamala, mpaka agogo ena a pamudzi kulozedwa chala. Zimenezi zimandipweteka mpaka lero, agogo aja analibe mlandu, ndipo nthawi yomwe anthu amathera kwa asing'anga ndi nthawi yomwe ubongo ukufa.

Zinthu zake ndi ziwiri zosiyana. Mtima ukamagunda mosalongosoka magazi amadikha m'chipinda chapamwamba cha kumanzere, amaundana, kachibuluma n'kuthamangira ku ubongo, n'chifukwa chake vutoli limachulukitsa chiopsezo cha sitiroko pafupifupi kasanu. Pomwe m'khosimo ndi mafuta omwe amamatirira m'mitsempha yopititsa magazi ku ubongo, zobwera ndi BP, shuga, fodya ndi ukalamba. Munthu wa zonse ziwiri ali pachiopsezo chachikulu, ndipo warfarin sachotsa mafuta amenewo ayi.

Nanga aspirin?

Musawonjezere panokha achemwali, aspirin ndi warfarin pamodzi munthu atha kutaya magazi m'mimba kapena mu ubongo, asankhe ndi dokotala yemwe waona sikaniyo. Komanso osasiya warfarin n'kumamwa aspirin yekha, satchinjiriza mokwanira pa vuto la mtimali. INR, kuyeza magazi koonetsa momwe warfarin akugwirira ntchito, izikhala pakati pa 2 ndi 3, chisoso ndi mpiru azidya monga mwa masiku onse osasinthasintha muyezo, chifukwa masambawa amakhudza mphamvu ya warfarin. Funsani za mankhwala a mafuta, ma statin, ndi kuti mtsemphawo wachepa bwanji, chifukwa kuchepako kukafika 70 peresenti munthu ataonetsa kale zizindikiro, opaleshoni imathandiza, makamaka m'masabata awiri oyamba. Kamwa likapotoka, dzanja kufooka kapena diso kuchita mdima, ngakhale zitasiya zokha, thamangirani nawo ku chipatala cha Zomba Central tsiku lomwelo.