Sweet crude: ayi ndithu, musakanyambite

Wowerenga wina wandilembera imelo kufunsa kuti, "Pa nkhani za mitengo ya mafuta ndimamva akuti sweet crude. Kodi mafutawo amatsekemera?" Achimwene, mwandikanda pachilonda.

Zaka zapitazo ndinapeza kaganyu kotanthauzira nkhani za malonda. Tsiku lachiwiri lomwe ndinakumana ndi mawu amenewa. Ndinatsegula dikishonale, n'kupeza kuti crude ndi munthu wopanda ulemu, wotukwana. Basi, ndinalemba monyadira kuti "mafuta amwano otsekemera". Mkonzi anaseka mpaka misozi, kenako n'kuitana anzake kuti adzaone zodabwitsa. Ine ndinangoti kakasi, manja ali m'thumba. Kwa mwezi wathunthu dzina langa linali Amwano.

Koma mpaka lero ndimakana kuti kulakwa kunali kwanga ndekha. Anthu a malonda a mafuta amalankhula ngati tonse tinakulira pa chitsime cha mafuta, ndipo atolankhani amangobwereza mawuwo osawamasulira. Umenewo ndi ulesi, palibenso dzina lina. Taonani barrel. Amati mtengo wa barrel wakwera, inu n'kumaganiza mgolo weniweni, chonsecho ndi muyezo chabe: magaloni 42 a ku America, pafupifupi malita 159. Muyezowu unachokera ku Pennsylvania, m'dziko la America, kumene Edwin Drake anakumba chitsime chake ku Titusville mu 1859, nthawi imene mafuta ankawathiradi m'migolo ya matabwa. Masiku ano amayenda m'mapaipi ndi m'sitima zikuluzikulu, koma mgolo uja ukadali pakamwa pawo. Ndani anakuuzanipo zimenezi pa wailesi?

Tsono yankho lanu

Crude anachokera ku mawu a Chilatini akuti crudus, kutanthauza chachiwisi. Ndi mafuta monga atulukira pansi, asanawayenge kuti patuluke petulo, dizilo ndi palafini. Akati sweet ndiye kuti muli sulufule wochepa, wosafika 0.5 peresenti, akachuluka amati sour, kutanthauza owawasa. Akale ankalawadi kapena kununkhiza kuti asiyanitse, n'chifukwa chake dzinalo. Mafuta otchedwa Brent a ku nyanja ya North Sea ku Ulaya ndi otchedwa WTI (West Texas Intermediate) a ku America onse ndi sweet, ndipo amagulidwa mokwera chifukwa savuta kuyenga.

Mkonzi uja sanandifotokozere chilichonse mwa zimenezi. Ndikukayika ngati iyeyo ankazidziwa.