Mdzukulu akuchokera ku Lusaka: yankho kwa agogo a ku Matawale

Mayi wina wa ku Matawale kuno ku Zomba wanditumizira imelo, ndipo wandilola kuti ndimuyankhire pano dzina lake nditabisa. Mwachidule akuti:

"Mwana wanga wamkazi ndi mwamuna wake akhala ku Lusaka pa ntchito zaka zingapo. Mphatso ya mwana sanaione, ndiye anatenga kamtsikana ku nyumba yosungirako ana kumeneko, ndipo khoti la ku Zambia lavomereza kuti ndi wawo. Pano ali ndi miyezi 10. Mu June akubwera kudzakhazikika kwathu kuno, ndipo afikira pakhomo panga. Ndagula mbuzi, ndauza amvano anzanga ndi abale a ku Jali kuti adzabwere tsiku lofikalo. Ndikonzenso chiyani? Nanga achimwene anga, amene akuti magazi a eni sangalowe m'mbumba yathu, ndiwayankhe bwanji?"

Amayi, zikomo, ndipo ndikusangalala nanu. Koma mbuziyo iyambe yadya msipu. Musaiphe tsiku limenelo, ngakhale sabata imeneyo.

Kwa inu, mwanayu akubwera kwawo. Kwa iye sizili choncho. Iye akungoona kuti anthu amene ankamusambitsa kulibe, bedi lasintha, fungo la m'nyumba ndi lina. Mwana wa miyezi 8 kapena 9 amakhala atayamba kale kusiyanitsa nkhope zodziwika ndi zachilendo, n'chifukwa chake ana a msinkhu umenewu amalira mlendo akawanyamula. Tsono wonjezerani ulendo: kuchoka ku Lusaka mpaka Chipata, kudikira pa chipata cha Mchinji, Lilongwe, Dedza, Ntcheu, Balaka, Liwonde, kenako Zomba. Munthu wamkulu amafika msana uli gwa. Ndiye taganizani kamwanako kakutsika m'galimoto n'kupeza nthungululu, ng'oma, amayi makumi atatu aliyense atatambasula manja kuti "tabwera naye kuno timuone". Mbande ukangoiwokera umaitchingira dzuwa kaye mpaka mizu igwire.

Pali chinthu china chimene chimapusitsa anthu ambiri. Mwina mwanayo sadzalira n'komwe. Adzapita kwa aliyense, kumwetulira aliyense, anthu n'kumati, "Koma ndiye mwana wosavuta!" Musakondwere nazo msanga. M'nyumba zosungirako ana olera amasinthanasinthana, wa m'mawa wina, wa usiku wina, ndipo ana amakhala ambiri. Mwana amaphunzira kuti wamkulu aliyense ndi chimodzimodzi, palibe amene ndi wakewake. Ena amasiya kulira chifukwa anaona kuti kulira sikubweretsa munthu. Ena amadzigwedeza okha pogona, kapena kuyamwa chala mpaka kuchita chironda. Ku Romania, akatswiri anayamba mu 2000 kutsatira ana 136 a m'nyumba zoterezi mu mzinda wa Bucharest. Anapeza kuti ana amene anapita m'mabanja asanakwanitse zaka ziwiri anachita bwino kwambiri pa nzeru ndi pa kugwirizana ndi owalera, kuposa amene anachedwa. Mdzukulu wanu wabwera nthawi yabwino. Chimene akufunika ndi kuphunzira chinthu chimodzi: ndikalira amabwera ndi awa, mayi awa ndi bambo awa.

Ndiye apa ndikupemphani chinthu chowawa, Amayi, podziwa kuti mwadikira mdzukulu nthawi yaitali. Masabata oyambirira, kudyetsa, kusambitsa, kusintha thewera, kugoneka ndi kutonthoza zikhale za makolo ake awiriwo basi. Akalira inu muli pafupi, mikono idzayabwa. M'perekeni kwa mayi ake. Muzimuseweretsa, muzimuimbira, muzimulankhula ali pa miyendo ya mayi ake, koma kumubereka kumbuyo kudikire. Mwana wanuyo ndiye amubereke kwambiri, ngakhale akutsuka mbale kapena akupita pa msika. Chitenje chimagwira ntchito imene zidole za m'sitolo sizingagwire: mwana amamva kutentha kwa thupi, fungo ndi mawu a munthu mmodzimodzi tsiku lonse.

Ntchito yanu ndi ya pakhomo. Kwathu kuno kubweza mlendo n'kovuta, ndipo mwana wanu sangathe kuuza azakhali ake kuti "musamunyamule". Inu mungathe. Ife timadziwa kale za chikuta, kuti mwana wakhanda satulutsidwa msanga ndipo sagwidwa ndi aliyense. Auzeni amvano kuti mwanayu ali m'chikuta chake ngakhale ndi wa miyezi 10. Abwere awiriawiri, akhale pang'ono, apemphere motsitsa mawu. Pakatha mwezi umodzi kapena iwiri, mukaona kuti mlendo akalowa mwana akuthawira kwa mayi ake, dziwani kuti zagwira. Pamenepo itanani a ku Jali, mbuzi igwe.

Zogula sizambiri. Neti yonyikidwa m'mankhwala ikhale itapachikidwa kale asanafike, chifukwa udzudzu wa kuno, makamaka mukatsikira cha ku Chilwa, susankha nyengo. June wa ku Zomba mukumudziwa, chiperoni chikatsika m'phirimu: majuzi, zipewa, masokosi ndi bulangete lopepuka. Koma mbaula yamakala isalowe m'chipinda chotseka chimene mwana wagona, utsi wake wosaoneka uja umapha. Mawaya a magetsi, mankhwala a makoswe, parafini wa m'botolo la Fanta, ndowa za madzi, zonsezi zikwere pamwamba kapena zituluke, poti wa miyezi 10 amakwawa ndipo chilichonse chimathera mkamwa.

Chofunika kuposa zogulazo ndi zimene abwere nazo kuchokera ku Lusaka. Muuzeni mwana wanu afunse amene ankamulera: amamwa mkaka wanji, kangati pa tsiku, m'botolo kapena m'kapu, amagona nthawi yanji, amagonekedwa bwanji, amamutonthoza ndi nyimbo iti. Alembe zonse. Atenge kansalu kapena kabulangete kamene ankafunda, ndipo inu musafulumire kukachapa ngakhale kakuoneka kakuda. Mkaka wa m'chitini ukhale womwewo poyamba, wosungunula ndi madzi owiritsa, muyezo wake monga alembera pa chitini. Kuuchepetsa mphamvu kuti chitini chikhalitse ndi kumene kumaondetsa ana ambiri. Mkaka wa ng'ombe wakumwa udikire akwanitse chaka, uchinso chimodzimodzi. Phala la Likuni kapena la mgaiwa lothira nsinjiro, dzira, nthochi, mapeyala, usipa wosinja, mpiru wophwanya, zonsezi angadye, koma muziyambitsa chimodzichimodzi. Ena mwa ana oterewa amadya ngati sadzaonanso chakudya, ena amakana n'kutseka pakamwa. Onsewo safuna kukalipiridwa. Chakudya chikamabwera nthawi yake tsiku ndi tsiku, mtima umakhala pansi.

Sabata yoyamba yomweyo apite kusikelo, kaya pa Matawale pomwepo kaya ku Zomba Central, atatenga khadi la katemera la ku Zambia kuti alangizi a zaumoyo aone zimene analandira, amutsegulire kabuku ka kuno. Pa miyezi 10 ayenera kukhala atalandira BCG, wa poliyo, wa matenda asanu uja, wa chibayo, wa rota, ndi woyamba wa chikuku amene amaperekedwa pa miyezi 9. Wachiwiri wa chikuku kuno ndi pa miyezi 15. Ngati khadi lili ndi mipata, achipatala amadziwa popitirizira. Amuyeze kulemera ndi kutalika, aone ngati magazi ndi okwanira, amuone khungu ngati kuli mphere kapena zipere, zimene zimafala pamene ana agona ambiri. Za HIV, dziwani ichi: mwana wosakwana miyezi 18 amatha kukhala ndi zizindikiro za m'magazi zochokera kwa mayi womubereka ngakhale iye alibe kachilombo, n'chifukwa chake ana aang'ono amawayeza ndi njira ina yotchedwa PCR. Zotsatira zake, zikhale zotani, ndi za makolo ake ndi adokotala. Si nkhani ya pa mjigo.

Thupi likatentha, kuchipatala tsiku lomwelo kukayezetsa malungo, osayamba mwagula mankhwala pa okala. Akatsegula m'mimba, Thanzi ORS ndi zinki, ndipo liwombo likalowa dziwani kuti madzi atha m'thupi, thamangani naye. Ndanena za liwombo dala, chifukwa ndikudziwa kuti padzapezeka agogo ena a kumudzi obwera ndi zomata pamutu ndi zomwetsa kuti mwana "alowe m'mtundu". Zomwetsazo zikanizeni ndithu.

Tsopano za achimwene anu. Sindikuwaona ngati munthu woipa. Kuno kwa ife Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe mwana amatsata kwa mayi, ndipo iwo monga mwini mbumba akuganiza za munda, za manda, za amene adzatchedwe mwini pamudzi mawa. Komanso ambiri a ife nkhani yotenga mwana kudzera kukhoti tinaimvera pa wailesi, pamene Madonna anatenga David Banda mu 2006, Mercy James mu 2009 ndi mapasa aja mu 2017. Timaiona ngati ya azungu otenga ana kupita nawo kunja, osati ya mwana wolowa m'nyumba mwathu. Koma kulera mwana amene sunabereke si zachilendo pakati pathu. Afunseni achimwenewo awerenge ana amene anakulira pakhomo pa mayi anu, aone ngati onse anali obadwa m'mimba mwawo. "Mwana wa mnzako ngwako yemwe" sitinaphunzire kwa azungu.

Musakambe nawo pa gulu, ndipo musadikire tsiku la phwando. Pitani kwawo inu nokha mwezi uno, mwana wanu awaimbire foni yekha kuwauza monga malume ake, osati amve kwa ena. Akuluakulu ambiri chimene chimawapweteka ndi kudumphidwa. Apatseni mbali: adzapereke dzina la kumudzi, adzayankhule pa tsiku la mbuzi lija. Koma dzina limene mwana ali nalo lisachotsedwe. Pa msinkhu uwu amatembenuka akaitanidwa, ndipo pa zonse zimene anali nazo ku Lusaka, dzinalo ndi chimodzi mwa zochepa zimene wabwera nazo. Latsopano liwonjezeredwe pamwamba. Akakanabe achimwenewo, asiyeni, nthawi zambiri mwana akayamba kuyenda n'kuwagwira thalauza nkhani imatha yokha. Chimene simuyenera kulola ndi mawu akuti "wotola" kapena "wogula" kunenedwa pakhomo panu, ngakhale mwa nthabwala, ngakhale mwana asanayambe kumva.

Izi zikutifikitsa pa kubisa. Padzakhala okulangizani kuti mwana asadzadziwe. Pa Matawale? Anthu onse aona kuti mwana wanu sanakhalepo ndi pakati. Akadzakangana ndi mnzake ku sukulu ya mkaka, adzamva kwa mwana wa aneba, ndipo adzamva moipa. Makolo ake ayambe kumuuza adakali wosamva bwinobwino, ngati nthano ya madzulo: unabadwira ku Zambia, tinakufunafuna, tinakupeza, tinabwera nawe kwa agogo. Asunge zithunzi za nyumba imene ankakhala ndi za amene ankamulera. Mwayi wake, Chinyanja cha ku Lusaka ndi Chichewa chathu n'zapachibale, ndiye makutu ake sadzadabwa kwambiri, ndipo akadzakula n'kufuna kukaona kumene anachokera, ndi ulendo wa basi. Koma tsatanetsatane wa mmene anapezekera ku nyumba ija, za mayi womubereka, za chimene chinachitika, ndi mbiri yake ya iye mwini. Isayende pa WhatsApp ya banja kapena pa Facebook. Wofunsa muzingomuyankha kuti, "Ndi mdzukulu wanga, wa kwa mwana wanga wamkazi."

Mapepala asawatenge mopepuka. Chigamulo cha khoti la ku Zambia, setifiketi ya kubadwa, pasipoti ya mwana ndi makalata a ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ya kumeneko, zonse zikhale m'chikwama cha m'manja pa chipata, ndipo mafotokope ake atsale kwa inu. Zambia inalowa mu 2015 m'pangano la ku Hague la 1993 lokhudza ana otengedwa kupita dziko lina, koma Malawi sanalowemo, choncho asangoganiza kuti pepala la uko likwanira palokha pa chilichonse kuno. Akafika akaonekere ku ofesi ya Social Welfare ya boma la Zomba, apite ku Immigration kukalongosola za kukhala kwa mwanayo m'dziko muno ndi za unzika wake, ndipo apeze loya aone ngati pali chofunika kutengera ku High Court, imene ili ndi nthambi konkuno ku Zomba. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limawerengera mwana wotengedwa mwalamulo ngati mwana wina aliyense wa malemu. Komabe poti mawu a magazi a eni ayamba kale kumveka, ine ndikanakhala mwana wanu ndi mkamwini wanuyo ndikanalemba wilo chaka chino chomwe, dzina la mwanayo lili momwemo.

Muziyang'ananso mwana wanu. Anthu amaganiza kuti amene sanabereke satopa, ndipo amene wadikira zaka zambiri ayenera kumangosekerera. Zoona zake n'zakuti amayi ena otere amagwidwa ndi chisoni ndi mantha masabata oyamba, makamaka mwana akamakana kuwayang'ana kapena akamalira usiku wonse. Amachita manyazi kunena, poopa kuti anthu ati "unachifuna wekha". Mukaona sakudya, sakugona ngakhale mwana atagona, akungolira, ndipo zapitirira masabata awiri, mupite naye kuchipatala akalankhule ndi adokotala. Masiku ena onsewo muphikireni, muchapireni matewera, ndipo bambo a mwana akamutenga kukamuyendetsa panja, mutsekereni chitseko agone.