Kujambula Mwezi ndi kamera yaing'ono pa telesikopu

Mwafunsa ngati kamera yanu yaing'ono, yomwe lenzi yake sichoka, ingathe kujambula zakumwamba kudzera pa telesikopu. Ingathe ndithu, ndipo njira yake imatchedwa afocal: lenzi ya kamera imasuzumira mu eyepiece, pamalo pomwe mukanaika diso lanu.

Yambani ndi Mwezi, koma osati ukakhala wathunthu, chifukwa pamenepo dzuwa limauwalira molunjika ndipo mapiri ndi maenje ake sizikhala ndi mithunzi. Dikirani uoneke theka pamene ukukula. Patapita masiku awiri kapena atatu, dzenje la Copernicus, lotambalala pafupifupi makilomita 93, limatulukira m'malire a kuwala ndi mdima, makoma ake ali mbee, ndipo kwa ine palibe pena pabwino poyambira kuposa pamenepo.

Mdani wamkulu ndi kugwedera. Gulani kachitsulo komangira kamera pa eyepiece, chifukwa dzanja limanjenjemera ngakhale mutagwira mpweya, ndipo gwiritsani ntchito self-timer (yochedwetsa kujambula mukadina batani) ya masekondi 10 kuti telesikopu iyambe yakhazikika. Zimitsani fulashi, ikani ISO (mlingo wa momwe kamera imamvera kuwala) pa 100, yesani shutter (nthawi yolowetsa kuwala) pa 1/125 ya sekondi, kenaka onjezerani zoom pang'onopang'ono mpaka mkombero wakuda wa m'mphepete utachoka. Focus ya kamera ikhale pa infinity (ya zinthu zakutali kwambiri), ndipo chithunzi muchiwongole ndi kogudubuza ka telesikopu.

Mudzaona Mwezi ukuthawa pa sikirini, popeza dziko limazungulira madigiri 15 pa ola, choncho jambulani zithunzi zambiri n'kusankhapo zakuthwa. Milalang'amba muisiye kaye, chifukwa imafuna mount (choikapo telesikopu) yotsatira nyenyezi. Dzuwa musaliloze konse popanda sefa yake yovomerezeka kutsogolo kwa telesikopu, chifukwa limachititsa khungu nthawi yomweyo.