Kufotokozera mabwana za AI

Achimwene, mwafunsa momwe mungafotokozere mabwana anu za AI, luso la makompyuta lotsanzira nzeru za munthu. Mawu ovuta a zamakompyuta asiyeni kaye. Auzeni mabwanawo kuti AI ili ngati kalaliki watsopano amene wawerenga mabuku ambirimbiri koma sadziwa za kampani yanu: amalemba mwachangu, koma nthawi zina amanama osaphethira. ChatGPT, pulogalamu ya AI yoyankha mafunso yomwe kampani ya OpenAI idatulutsa mu Novembala 2022, imangolosera mawu oyenera kutsatira potengera zomwe idaphunzitsidwa.

Ine nditayamba kujambula pa bolodi, mabwana ankangoyasamula. Koma nditatenga kalata ya kasitomala wodandaula n'kuuza ChatGPT kuti iyankhe iwo akuona, tulo tidatha, mpaka adatulukira okha pomwe idapeka tsiku lotumizira katundu.

Zinsinsi za makasitomala zokha musalowetsemo musanafunse loya komanso katswiri wa chitetezo cha makompyuta.