Musanafike kukhoti, ankhoswe anu ali kuti?

Mdzukulu wanga wina wa ku Chinamwali wandilembera kuti banja lake la zaka 6 lafika pothera. Ana alipo awiri. Akufunsa ngati kuli bwino kupeza munthu wapakati woti awakambiranitse, kapena angolunjika kukhoti.

Mwanawe, kalata yako ndaiwerenga kawiri, koma mawu oti ankhoswe sindinawapezemo. Tsiku lija munapatsana tambala ndi msoti, khasu ndi lichero, anthu amene anaimirira kutsogolo aja ali kuti lero?

Kale nkhoswe sinali ya tsiku la chinkhoswe lokha. Amene wamanga banja ndi amenenso ankalimasula. Achemwali anga litawakanika banja kwathu ku Jali, malume athu anapalasa njinga mpaka ku Thondwe kukaitana nkhoswe ya kuchimuna. Anakhala pamphasa pansi pa mtengo wa mango katatu konse. Ulendo woyamba ndi wachiwiri ankayesa kulumikiza. Wachitatu, ataona kuti madzi atayika sawoleka, anayamba kuwerenga: chimanga cha m'nkhokwe, mpunga wa kudimba, mbuzi zitatu, njinga. Ine ndinali kuseri kwa nkhokweyo ndikupeta, khutu lili komweko. Nyumba inali isanafoleredwe, ndipo malume ananena mosakweza mawu kuti mkamwini sachoka pamudzi kusiya mkazi ndi ana pamtetete. Alamu aja anamweta udzu, nafolera. Atatero m'pamene anaika ndalama yachitsulo m'mbale, kusudzula achemwali pamaso pa mbali zonse ziwiri. Patapita zaka, amayi athu atamwalira, bambo yemweyo anabwera kudzakumba nawo manda. Ana ake sanamuone ngati mlendo.

Lero mumasankha nkhoswe mnzanu wa kuntchito, wovala bwino, wodziwa kuvina pa perekaniperekani. Sindikukunyozani, koma zikavuta foni yake siipezeka, ndiye banja limathera pa WhatsApp, malume n'kumva kwa anthu a pamsika wa Mpondabwino. Zimandiwawa zimenezi.

Usaope, mwanawe, kukhala pansi sikutanthauza kuti akubwezera kwa mwamunayo. Kukambirana kungakuthandizeni ngati nonse mutha kulankhula popanda wina kunjenjemera, ndiponso ngati palibe amene akubisa ndalama kapena mapepala a malo. Koma ngati amakumenya, kapena amakuopseza, pamphasa usakhalepo. Apa akuluakulufe tinalakwa, tinabweza atsikana ambiri ndi mawu oti banja ndi kupirira, ena n'kubwerako ali olumala. Pita kupolisi ya Zomba, ukafunse ofesi ya Victim Support Unit. Lamulo la 2006 loletsa nkhanza za m'banja limapatsa khoti mphamvu yomuletsa kukuzunza.

Zikakhala kuti mwamvana, musasiyire pakamwa. Lamulo la maukwati la 2015 limawerengera banja la chinkhoswe mofanana ndi la kutchalitchi kapena kumzikiti, ndiye zomwe mwagwirizanazo mukazitule kwa majisitireti, makamaka za amene azikhala ndi ana ndi za fizi yawo.

Koma yamba wapita kwa malume ako. Usawaimbire foni. Loweruka lino gula paketi ya shuga, kwera minibasi, ukagwade pakhonde pawo n'kuwauza zonse, ngakhale zimene iweyo unalakwitsa. Ana uwasiye kwa mnansi, asamve nawo.