Za ampu ya ma valve ija wafunsa mphwanga

Eee moni nonse mu gulupu muno, achemwali mwaswera bwanji uko. Ndati ndingojambula mawu chifukwa kutayipa ndi zala zangazi ndingafike mawa. Amene nkhani za zoimbira sizikukukhudzani musatsegule, ndiyaitali iyi, musadzati malume atithera bandulo.

Iwe mphwanga, funso lako ndaliona. Ukuti wapeza ampu ya ma valve, yokuza mawu ndi timababu tagalasi ngati mawailesi akale aja, Dynaco ST-70, pa eBay kwa munthu wina wa ku America, mnzako akuti akuponyera mu kontena, ndiye ukufunsa ngati ingaimbe bwino ndi timasipika tako tija ta home theatre, komanso ngati ugulire limodzi mawaya odula aja waona. Usalipire kaye. Ndalamayo ikhale kaye m'thumba, undimvere mpaka ndimalize.

Ampuyo payokha ndi yabwino, sindikuinyoza ayi. Inatuluka mu 1959, mwini kampaniyo anali David Hafler, ndipo zambiri ankagulitsa zili zidutswazidutswa munthu nkukalumikiza yekha kunyumba ndi sodala. Ili ndi ma valve anayi a mtundu wa EL34, imatulutsa ma watts 35 mbali iliyonse, ndipo inagulidwa kwambiri moti mpaka pano masipeya ake sasowa. Koma tawerenga zaka, chinthucho mwina nchachikulu kuposa amayi akowa. Mwini wakeyo akalemba zoti all original iwe usasangalale, zikutanthauza kuti makapasita ake, tizipangizo tosunga moto, ndi omwe aja a kalekale, auma, ndipo muli kachinthu kena amati selenium rectifier kamene kakafa ma valve anayi aja amafiira ngati makala a pa mbaula. Komanso amene anailumikiza 1960-yo sukumudziwa, mwina anali katswiri mwina anali mwana wasukulu. Ndiye pa mtengo uwonjezerepo ya munthu woikonza, msonkho wolowetsera, ndi kulemera kwake, makilo pafupifupi 15 amenewo.

China, za ku America zambiri ndi za ma volts 120, ife kumudziko ndi 230 ngati kuno ku UK, ngakhale pulagi ndi imodzimodzi ya mano atatu ija. Ukangoibaya pa soketi ya ku Area 25 popanda step down, thiransifoma yotsitsa magetsi ija, utsi, basi zathera pompo. Ndipo ngakhale ndi step down, thiransifoma yake anaipangira 60 hertz, ife tili pa 50, ndiye imatentha kuposa mmene imayenera, kuphatikizapo kutentha kwa October kwa ku Lilongwe kuja. Ndipo wayang'anitsitsa chithunzicho? Palibe pokwezera volumu. Ndi power amp chabe imeneyo, imafuna preamp, kabokosi kena kokhala ndi volumu, kutsogolo kwake, ndalama inanso imeneyo.

Koma nkhani yeniyeni ndi masipika. Apa ndiye pamene anthu ambiri timagwera, ine ndemwe ndinagwerapo. Ma valve satulutsa mphamvu yambiri, ndiye amafuna sipika yosavuta kukankha. Kumbuyo kwa sipika kapena pa pepala lake amalemba sensitivity, nambala ya ma dB yoonetsa mmene sipikayo imafuulira ikapatsidwa mphamvu yochepa. Sipika ya 86 dB ndi ya 92 dB ukaziona ungati kusiyana kwake nkochepa, sikisi yokha, koma ma dB atatu aliwonse ndiye kuti mphamvu iwirikize kawiri, ndiye ya 86 ija ikufuna mphamvu kanayi kuti ifike pamene ya 92 yafika. Ma watts 10 pa sipika yopepuka akufanana ndi ma watts 40 pa sipika youma mutu. Nchifukwa chake anthu a ma valve amathamangira ma Klipsch, ma Tannoy akale aakuluakulu aja, zimabokosi ngati kabati ya mbale. Timasipika tako tija tinapangidwira kabokosi kake komweko ndi subwoofer yake, zoti 1000 watts analemba pa katoni zija ndi zokopera ogula. Ukalumikiza ku Dynaco udzakhumudwa, udzati malume ankatama chani.

Ine yanga ndi Leak Stereo 20, ya ku England konkuno, mtundu umenewu unayamba mu 1958, ma valve anayi a EL84, ma watts ngati 10 okha mbali iliyonse. Teni basi. Ndinaigula pa car boot sale, msika wa kaunjika wa azungu uja amagulitsira kumbuyo kwa galimoto Lamulungu mmawa, nkhalamba ina inkachotsa katundu mu galaja. Inali fumbi lokhalokha, kangaude mkati, anti ako anati chimenechi m'nyumba mwanga ayi, chikagone ku shedi. Ndinachita phuma, kufika nkuyatsa tsiku lomwelo, inangolira huuum kenako fungo ngati tayala likupsa, ndinathamangira kuzimitsa pakhoma. Ndinapita nayo kwa mdala wina amakonza zimenezi, anandikalipira ngati mwana, akuti chinthu chogona zaka zambiri sumachipatsa moto wonse kamodzi, amakweza pang'onopang'ono ndi chipangizo china amati variac. Anasintha makapasita onse ndi ma resistor angapo amene anali atasokonekera, mwamwayi ma thiransifoma anapulumuka, chifukwa amenewo ndiwo mtima wake, akapsa ndiye kuti wagula chitsulo chosakulira.

Ndiye nditaitenga ndinalumikiza ku timasipika tina tating'ono tamakono ndinali nato. Ndinakhala pa sofa kudikira zodabwitsa. Palibe. Mawu opyapyala, ukakweza pang'ono besi imangophwanyika. Ndinatsala pang'ono kuigulitsa. Panapita miyezi ndithu mpaka ndinapeza masipika akale aakulu a sekondi handi, mabokosi okalikakalika koma ma cone ali bwino, tsiku lomwe ndinalumikiza, aaa mphwanga. Ndinaika chimbale cha kwaya, unkachita kumva munthu akukoka mpweya asanayambe vesi, a besi ali kumanja kumbuyo, a soprano kumanzere, ngati wakhala pa benchi yachitatu m'tchalitchi. Anti ako anachokera kukhitchini atagwira chipande, anangoima pakhomo, sanayankhule kanthu, kuyambira pamenepo nkhani ya ku shedi inatha. Ampu yomwe ija, ma valve omwe aja, chinasintha ndi masipika basi.

Dikira kaye ketulo ikuwira... eya ndabwera.

Achemwali mukukumbuka radiogram ija ababa anabwera nayo kuchokera ku Salisbury, imene tinkayatsa nkudikira kaye itenthe isanayambe kulankhula, ife nkumasuzumira kumbuyo kuona timababu tikuyaka? Ndi zomwezi izi, ma valve amene aja. Azungu a ku America amati ma tube, kuno amati ma valve. Dziko linazisiya zitabwera za transistor chifukwa ndi zotchipa, sizitentha kwambiri, sizisweka, zimayendera mabatire. Ndipo ndisakunamize mphwanga, ukayeza ndi makina ampu yabwino ya transistor imaposa ya ma valve pa ukhondo wa mawu. Ya ma valve imathirako kake, tinganene kuti kamchere, ndipo kamchereko khutu limakakonda, makamaka pa mawu a munthu, gitala, lipenga, jazi. Koma ngati cholinga chako ndi amapiano yoti mawindo azinjenjemera aneba adziwe kuti walandira, iyi si njira yake, gula zina.

Tsopano chipinda. Balaza yako ija ndinaiona pa vidiyo ya pa Khirisimasi, matayilosi pansi, makoma opanda kanthu, windo lalikulu. Taima pakati uwombe m'manja kamodzi, umva kulira kwina kukubwerera, kumeneko ndi kumene kumadya nyimbo. Kapeti yokhuthala pakati pa iwe ndi masipika, makatani olemera, shelefu ya mabuku, ngakhale mkeka kukhoma, zimasintha mawu kuposa waya wina aliyense ungagule. Masipika asagunde kukhoma, uwakokere kutsogolo pang'ono, asakhale pakona, ndipo iwe ndi masipika awiriwo mupange ngati mafuwa atatu, mtunda wofanana, timasipika ta mawu ang'ono tija tikhale pa msinkhu wa makutu ukakhala pansi. Zimenezi ndi zaulere, ukhoza kuyesa madzulo ano ndi zomwe uli nazozo.

Za mawaya odula, iwalako. Waya wa kopa wokhuthala bwino, wosatalika mopanda chifukwa, womangidwa zolimba, wakwana. Kuno kuli anthu amagula waya pa mtengo wa galimoto, ndinakhalapo kwa mnzanga wina akundisinthira mawaya nkumandifunsa wamva kusiyana? Ine ndinangoti eya chifukwa ndinali nditadya nsima yake.

Chimene ndikuopa kwambiri ndi magetsi a kumudziko. Ampu ya ma valve imadana ndi zothima nkuyakanso pompopompo zija, ma valve akadali otentha moto nkubwera mwamphamvu, rectifier yake ina, valve yowongola magetsi yotchedwa GZ34, imatha kuthetheka mkati nkufa, mwina kutengera ndi fyuzi kapena zina zodula. Ndiye magetsi akangothima, chinthu choyamba thamanga ukazimitse ampu, ndipo uyike ka guard konga ka pa filiji kaja kamene kamadikira mphindi zingapo kasanalole moto kudutsa, uwaphunzitsenso ana ndi mlamu. Ukafuna kuyendetsa pa invata ikhale ya pure sine wave, zotchipa zija thiransifoma imangolira nkumatentha. Ndipo dziwa kuti imadya magetsi ngakhale isakuimba, Dynaco imeneyo imakoka ma watts oposa 150 ingokhala chiyakire, mayunitsi ako aziyenda, batire la sola silichedwa kutha. Earth ya nyumba uyiwonetsenso kwa wamagetsi, nyumba zambiri za lendi waya wachitatu uja amangokongoletsa.

Malamulo awiri awa usawaiwale ngakhale utagula ina iliyonse. Usayatse ampu ya ma valve masipika asanalumikizidwe, ukaiimbitsa chonchi output transformer, thiransifoma yopereka mawu ku masipika, imapsa, ndipo kumbuyo kuli polumikiza pa 4, 8 ndi 16 ohms, uyike pogwirizana ndi sipika yako. Lachiwiri, usatsegule pansi pake nkumapisa zala. Muli ma volts oposa 400 mmenemo ndipo makapasita amasunga moto ngakhale utazula pulagi. Ine inandimenyapo kamodzi, ndinazimitsa, kuzula, nkuti ndingowongola kawaya kena, ndinapezeka ndakhala pansi sikuludiraiva ili uko, mkono dzanzi mpaka madzulo. Amene amakonza mafoni ndi ma TV pa msika si onse anaonapo zoterezi, ufufuze mdala amene anagwirapo mawailesi akale kapena ma ampu a magitala a mabandi. Ndiponso kamwana kako kaja kayamba kuyenda, magalasi amenewa amawotcha zenizeni, ikhale pamwamba, ndi chivindikiro chake cha mawaya, pamalo popita mphepo, osati m'kabati yotseka, ndipo mlamu asayalepo kansalu koluka kaja ayi.

Ma valve amatha, ndi ngati matayala. Akuluakulu aja amakhala maola masauzande angapo, ang'onoang'ono ngati ECC83 amakhalitsa kwambiri. Ukasintha umagula anayi ofanana mphamvu, amati matched, kenako pa Dynaco umatchera bias, mlingo wa moto wodutsa m'ma valvewo, ndi multimeter mpaka iwerenge ma volts 1.56, analemba pa chassis pomwepo. Masiku ano opanga ndi ochepa, JJ ku Slovakia, fakitale ya ku Saratov ku Russia, ndi ena ku China, moti nkhondo ya ku Ukraine itayamba 2022 mitengo inakwera koopsa anthu nkumaguliratu osunga. Ndiye ku Lilongwe sukawapeza pa shopu, uzikhala ndi seti yapadera m'diloo. Uzamvanso anthu akutama ma valve a Mullard, enieniwo ankapangidwa ku Blackburn, pafupi pompano ndi Manchester, fakitaleyo inasiya kalekale, atsopano olembedwa Mullard pano ndi a ku Russia, dzina lokha. Akale enieni alipo koma odula ndipo achinyengo ndi ambiri, amangodinda chizindikiro. Palinso valve ina amati 300B ya Western Electric, ya m'ma 1930, ampu yake imatulutsa ma watts 8 okha koma ma valve awiri okha kupitirira madola 1,000, kumeneko usayang'aneko kaye, ndi matenda ena amenewo. Dynaco yakoyo ilinso ndi timavalve tiwiri ta 7199 tomwe anasiya kupanga, ambiri amasintha bolodi yonse kuti alowetse ena opezeka.

Ndikanakhala iwe ndikanatere. Ndalama yaikulu ipite ku masipika, a sekondi handi abwino, 90 dB kupita m'mwamba, 8 ohms, uziyamba waimbira ka ampu ka transistor wamba kaye. Kenako kapeti ndi makatani, mlamu asangalalanso. Kenako kumene nyimbo zikuchokera, chifukwa ma MP3 otumizirana pa WhatsApp aja ampu yabwino imangoonetsa poyera kuipa kwake, upeze ka DAC kotchipa, kabokosi kosandutsa nyimbo za pa kompyuta kukhala mawu opita ku ampu, ulumikize ku laputopu, kapena CD player yakale, ukafuna za mbale ndiye turntable imafunanso phono stage yake, kokuzira mawu ochokera ku singano. Ma valve abwere pomaliza, ndipo ikhale integrated, ya volumu ndi zonse pamodzi, ya 230, kaya ya EL84 kaya EL34, yogula kuno kapena ku Joni komwe magetsi ndi ofanana ndi athu. Za ku China zatsopano zilipo zina zabwino ndithu, kusiyana nkuyamba ndi nkhalamba yofuna chipatala.

Unditumizire chithunzi cha kumbuyo kwa masipika ako pomwe alemba manambala, ndi kukula kwa balaza, uyeze ndi mapazi ngati tepi ulibe. Linki ya eBay ija itumizenso ndiione bwino pansi pake ngati anajambula. Ine ndili ndi ka ampu kena ka EL84 kangokhala mu shedi, ndikakayesa weekend ino ngati kali bwino, December ndikubwera ndikhoza kukakulunga m'majuzi mu sutikesi, bola anti ako asadzaze ndi nsapato za ku ukwati zija. Achemwali, ufa uja wafika, zikomo kwambiri, ndikuimbirani mawa ndikaweruka.