Amene amaseka mafilimu akale: akunyoza kapena akusereula?

Mafunso a ulendo uno achokera kwa anthu okonda kuonera mafilimu akale, aja osapangidwa bwino, wina akuponyamo nthabwala filimu ili mkati. Ena akufuna kulemba nkhani zake m'Chichewa cholongosoka, ena akufuna kuyamba kuchita okha zimenezi.

Aphunzitsi, ndimalemba za pulogalamu ya ku America yotchedwa Mystery Science Theater 3000. Ndinalemba kuti anthu ake "amanyoza mafilimu akale", koma mkulu wanga akuti mawuwo sakuyenera. Ndilembe kuti chiyani? (Wowerenga wa ku Zomba)

Akulu anuwo ali ndi khutu labwino, amvereni.

Ndiyambe ndafotokozera amene saidziwa pulogalamuyi. Anaiyambitsa ndi Joel Hodgson, ndipo inaulutsidwa koyamba pa 24 Novembala 1988 pa wailesi yakanema yaing'ono ya KTMA mumzinda wa Minneapolis. Nkhani yake ndi yakuti asayansi oipa mtima atsekera munthu m'chombo cha mumlengalenga n'kumamukakamiza kuonera mafilimu osakoma kuti aone ngati mutu wake ungasokonekere. Iye, pofuna kudzipulumutsa, amaonera limodzi ndi maloboti awiri, Tom Servo ndi Crow, ndipo atatuwo amalankhulira filimuyo kuyambira poyamba mpaka pothera. Woonera amaona filimuyo, koma m'munsi mwake mumaoneka mithunzi yakuda ya mipando ndi mitu ya atatuwo, ngati kuti wakhala kumbuyo kwawo m'holo ya kanema.

Tsono mneni woyenera zimenezi ndi uti? Chichewa chili ndi aneni angapo oyandikana, ndipo kuwasakaniza kumalakwira anthu.

Kunyoza ndi kumuona munthu kapena ntchito yake ngati yachabechabe, n'kumuuza kapena kumuonetsa zimenezo. Wonyozedwa amachoka pamalopo atatsika. Kutonza n'kowawa koposa apo, chifukwa wotonza amasankha penipeni pamene mnzake pamamupweteka, kaya ndi umphawi, chilema kapena kusabereka, n'kumakandapo. Kunyogodola ndi kuchepsa chimene wina wachita, monga munthu akakolola matumba khumi wina n'kumati "timatumba tomweti?" Kujeda kumafuna kuti mwiniwake asakhalepo.

Kusereula n'kosiyana ndi zonsezi. Wosereula amaseka munthu pamaso pake, amakokomeza kacholakwa kake kuti anthu agwe nalo phwete, koma mumtima mulibe chidani. Sindikunena kuti mawuwa alibe ululu. Munthu amatha kukwiya n'kunena kuti "musandisereule", makamaka ngati wosereulayo sanazolowerane naye. Ndiye kusereula kumafuna chilolezo chobwera ndi ubale. Taganizirani asuweni akakumana paukwati. Wina akhoza kuuza mnzake kuti jekete wavalayo anabwereka kwa agogo ake, anthu n'kuseka, wouzidwayo n'kubweza zake, kenako onse awiri n'kudyera mbale imodzi. Mawu omwewo atanenedwa ndi mlendo pangabuke ndewu.

Anthu a pulogalamu ija ali paubale wotero ndi mafilimu awo. Asanalembe nthabwala amaonera filimu imodzi mobwerezabwereza, kusunga pamene wosewera wapumira, pamene chitseko chatsekeka, pamene pangokhala zii. Munthu sataya nthawi yotere pa chinthu chimene amachiona ngati chachabe. Umboni wina ndi filimu ya Manos: The Hands of Fate, imene Harold P. Warren anapanga ku El Paso, Texas, mu 1966. Iye sanali katswiri wa mafilimu, ndipo ntchito yakeyo inali itaiwalika mpaka pamene pulogalamuyi inaionetsa mu 1993. Kuchokera pamenepo anthu anayamba kuifunafuna, ndipo mu 2015 inatulukanso itakonzedwa kuti zithunzi zizioneka bwino. Kunyoza sikukadaidzutsa chonchi.

Choncho lembani kuti "amasereula mafilimu akale". Mukafuna mawu ofewerapo, "amathira nthabwala m'mafilimu akale" ndi Chichewa chabwinonso. Anthu ake atchuleni kuti osereula mafilimu. Mawu akuti "othirira ndemanga" asiyireni a mpira ndi a ndale, chifukwa ndemanga siyenera kuseketsa.

Kodi "tinaseka filimu", "filimu inatiseketsa" ndi "tinasekerera filimu" si chimodzimodzi? (Wowerenga wa ku Chipata)

Ayi bambo, ndipo pa nkhani ya mafilimu akalewa kusiyana kwake n'kofunika kwambiri.

Mukati "filimu inatiseketsa", wochita ntchito ndi filimuyo. Omvera aganiza kuti inali ya nthabwala, anaipanga kuti anthu aseke, ndipo zinatheka. Mukati "tinaiseka filimuyo", mwatembenuza zinthu: filimu yasanduka chosekedwa, monga mmene timanenera kuti "ana akumuseka". Anaipanga kuti tichite mantha kapena tilire, koma ife tinaona chingwe chimene anamangirira chombo, n'kuyamba kuseka. Mafilimu ambiri amene osereula amasankha ndi a mtundu wachiwiriwu. Filimu yoseketsa kale ndi yovuta kuisereula, chifukwa nthabwala zanu zimalimbana ndi zake.

"Kusekerera" kuli kwina. Mayi amasekerera khanda lake, kutanthauza kulimwetulira mokondwa. Timanenanso kuti "musasekerere khalidwe loipa", kutanthauza kulilekerera. Ndiye mukalemba kuti "tinasekerera filimu", wowerenga amva kuti munaikondwerera kapena munailekerera zolakwa zake, osati kuti nthiti zinakupwetekani.

Ndi "filimu wakale" kapena "filimu yakale"? Nanga "kanema aka" kapena "kanema uyu"? (Wowerenga wa ku Mzuzu)

Filimu yakale, filimu iyi, filimuyi. Ikachuluka timati mafilimu akale, mafilimu awa. Dzinali limayenda ngati galimoto: galimoto iyi, magalimoto awa. Mayina ambiri obwereka amatero, ndipo palibe cholakwika.

Kanema amapusitsa chifukwa cha ka- wa koyambirirayo. Iye si ka- wochepetsa wa mu kamwana kapena kanyumba. Ndi mbali ya dzina lenilenilo, lomwe tinabwereka ku Chingerezi. Choncho timati kanema uyu, kanema wakale, kanemayu, ndipo ambiri ndi makanema. Mukafuna kunena kachidutswa kakafupi kotumizirana pa WhatsApp, mumawonjezera ka- wina: kakanema aka.

Talemba "kuseleula", mnzathu akuti ndi "kusereula". (Owerenga a ku Lilongwe)

Malamulo a kalembedwe amene bungwe la Chichewa Board linakhazikitsa, amene mabuku ambiri a m'Malawi amatsatabe, amati r amabwera pambuyo pa e ndi i, pomwe l amabwera pambuyo pa a, o ndi u. Ndiye timalemba kusereula, kusekerera, kulira, koma kulola, kukula. L woyamba tsinde sasintha ngakhale kutsogolo kwake kubwere i: ndilembe, chilankhulo. Mawu obwereka ena anakhazikika ndi l, n'chifukwa chake tonse timalemba filimu ndi wailesi. Polankhula musavutike nazo, khutu la Mchewa silimva kusiyana kwa tanthauzo pakati pa awiriwa.

Achimwene, ine ndi anzanga kuno tikufuna kuyamba kusereula mafilimu akale m'Chichewa n'kumaika pa YouTube. Tinayesa kumasulira nthabwala za RiffTrax koma amene tinawaonetsa sanaseke. Komanso timakangana: anthu a mufilimu tiziwatchula kuti "iwe" kapena "inu"? (Wowerenga wa ku Johannesburg)

Funso lanu landisangalatsa kwambiri, ndipo ndikufunitsitsa kuti ntchitoyi itheke.

RiffTrax, kampani ya ku America yosereula mafilimu, inayamba mu 2006 ndi Michael J. Nelson, amene analowa m'malo mwa Hodgson monga mtsogoleri wa pulogalamu ya Mystery Science Theater 3000 ija mu 1993, ndipo amagwira ntchito ndi Kevin Murphy ndi Bill Corbett. Nthabwala zawo zambiri zimatsamira pa zinthu zimene munthu wokulira ku America amazidziwa asanaganize n'komwe: nyimbo zotsatsa malonda, masewero akale a pa TV, mayina a masitolo, kalankhulidwe ka anthu a chigawo chakutichakuti. Mukamasulira zimenezo, mawu amafika koma chosekedwacho chimatsala kwawo. Anzanuwo sanaseke chifukwa panalibe chowakumbutsa. Tengani kachitidwe kawo kokha, nthabwala zichokere m'mutu mwanu ndi m'makwalala amene munakulira.

Tiyerekeze kuti mufilimu galimoto yakhala ikuyenda kwa mphindi zingapo, palibe wolankhula, palibe chochitika, mitengo yokhayokha ikudutsa. Mmodzi wa inu angofuula kuti "Wotsika!" Aliyense amene anakwerapo minibasi aseka nthawi yomweyo, ndipo mwagwiritsa ntchito liwu limodzi lokha. Kapena chombo cha alendo ochokera kumwamba chikutsika chikugwedezeka, chingwe chake chikuonekera. Wina anene modekha kuti, "Amene wagwira chingweyo akweze pang'ono, alendo agunda denga."

Pa za "iwe" ndi "inu", ine ndili kumbali ya "inu", ndipo chifukwa chake ndi ichi. Onani chilombo chija cha m'mafilimu a zaka za m'ma 1950, chimene aliyense akuona kuti ndi munthu wavala chisuti cha labala, zipi ikuonekera kumsana, chikuyenda mokoka miyendo. Kutsogolo kwake kwaima mayi akukuwa, osathawa. Mukati, "Iwe chilombo, zipi yako ikuoneka", mwangonena chimene maso aona kale, ndipo zikumveka ngati mukukalipa. Koma tamvani izi: "Agogo, pepanitu, zipi yatseguka kumbuyoku." Ulemu umene mwapereka kwa chinthu chosayenera ulemu ndiwo ukuseketsa. Mwachiyankhula ngati mkulu amene mukumupulumutsa ku manyazi pagulu. Kwa mayi uja munganene kuti, "Mayi, musadandaule, mmene chikuyenderamu chifika mawa. Katerekeni kaye madzi a nsima."

Chingerezi chilibe chida chimenechi, chifukwa liwu lawo lolozera munthu ndi limodzi, kwa mfumu ndi kwa mwana yemwe. Ife tili ndi a- waulemu, tili ndi bambo, mayi, achimwene, alamu, bwana, abusa, ndipo lililonse limamuika wosewerayo pamalo ena m'mudzi mwathu. Msilikali wodzitukumula mukamutcha "abwana" anthu amva kale kuti agwa posachedwa. "Iwe" musungireni nthawi imene mukufuna kudzidzimutsa omvera, monga pamene mnyamata wa mufilimu akutsegula chitseko chimene aliyense akudziwa kuti kuseri kwake kuli zoopsa: "Iwe, tabwerera!" Akabwera kamodzi pakati pa ulemu wambiri amagunda bwino. Akachuluka, kusereula kwanu kumayamba kumveka ngati kunyoza.

Musaiwalenso mvekero. Munthu akagwa mochedwa, chipolopolo chitamudutsa kalekale, "khu!" wonenedwa pa nthawi yake amakwana. Wosewera akaiwala mawu n'kungoyang'ana kamera, wina anong'one kuti "zii". Timawu ngati -tu, nanga, kaya ndi paja timachitanso zambiri. "Paja munati ndinu dokotala?" ndi funso laulemu, koma limamuvula wosewera amene wagwira jakisoni mozondotsa.

Pali chinthu china choti musiyanitse. Ambiri a ife tinakulira m'nyumba zoonetsa mavidiyo, momwe mafilimu a nkhondo ndi a karate amabwera atamasuliridwa m'Chichewa, womasulira akulankhulira anthu onse a mufilimu, kuwapatsa mayina akwathu, n'kumaponyamo zake zoseketsa. Ku Uganda luso lotere linakula kwambiri, moti filimu ya Who Killed Captain Alex? ya mu 2010, yopangidwa ku Wakaliga mumzinda wa Kampala, inatchuka padziko lonse ili ndi mawu a womasulira wotchedwa VJ Emmie pamwamba pake. Womasulira wotere ntchito yake yoyamba ndi kuthandiza woonera kumva nkhani, choncho amaphimba mawu a osewera ndi ake. Wosereula saphimba. Amadikira kuti wosewera amalize, n'kulowetsa nthabwala pampata umene watsala, chifukwa omvera ayenera kumva chonenedwacho kuti yankho liwaseketse. Ngati oonera anu ambiri samva bwino Chingerezi, mungafunike kuchita zonse ziwiri: mmodzi azifotokoza nkhani mwachidule, awiri azisereula. Gawanani ntchitozo musanayambe kujambula, kuti musamalankhulire pamodzi.

Mpatawo umakhala waufupi, ndipo mawu a Chichewa ndi ataliatali. Chiganizo chimene papepala chikuoneka chachifupi chimatha kudya masekondi asanu. Ndiye lembani nthabwala iliyonse, muinene mokweza filimu ikuyenda, ndipo ikalowerera mawu a wosewera wotsatira muidule. Kawirikawiri chodulidwa chimakhala chiyambi. "Ine ndikuona ngati bamboyu waiwala kumene akupita" ikhoza kungokhala "Bambo, mwasochera?"

Musanaike chilichonse pa YouTube, fufuzani za umwini wa filimuyo. Kukalamba kwa filimu sikutanthauza kuti ilibe mwini. A RiffTrax poyamba ankagulitsa mawu awo okha, wogula n'kumawaseweretsa limodzi ndi filimu imene ali nayo kale kunyumba, ndipo mwa njira imeneyi ankapewa kugawa filimu ya eni. Inunso mukhoza kuyamba choncho, kapena kusankha mafilimu amene nthawi ya umwini wake inatha.